Nyani amene anatembenuka n'kuseka chikundu chake

Ndili ku koleji ndinkalemba ndakatulo zolemera ngati thumba la simenti. Zonse zinali misozi ya Africa, maunyolo ndi magazi a makolo. Tsiku lina ndikulakatula pa siteji, mtsikana wina wakumbuyo anaphulika nako kuseka, ndipo ndinatha mwezi wathunthu osagwiranso cholembera. Ndayamba ndi manyazi angawa chifukwa amene anandichiza ndi anthu oti simungawaganizire: oimba punk rock a ku Germany. Ndinawapeza pa YouTube usiku wina ndikumalizitsa bandulo, mawu awo ndikuwamva mothandizidwa ndi foni poti Chijeremani changa ndi cha moni basi.

Punk inaphuka ku New York ndi ku London chapakati pa zaka za m'ma 1970. Magitala aphokoso, nyimbo zothamanga za mphindi ziwiri, achinyamata okwiya amene analibe nthawi yoti aphunzire kaye kuimba. Itawolokera ku West Germany inakhazikika m'mabala ngati Ratinger Hof ku Düsseldorf ndi SO36 ku Berlin. Magulu ena, monga Slime a ku Hamburg, anatengako mkwiyo weniweniwo, n'kumakalipira apolisi ndi boma nkhope ili gwa. Koma mu 1982 munabadwa magulu awiri amene anaona kuti munthu woyamba kumuseka ndi iwe mwini.

Tiyambe ndi mayina awo. Gulu la ku Düsseldorf linadzitcha Die Toten Hosen, kutanthauza kuti mathalauza akufa. M'Chijeremani, ukanena kuti malo ena ndi thalauza lakufa ndiye kuti kuli zii, kulibe chochitika. Tangoganizani, anyamata akufuna kutchuka koma akudzilengeza okha kuti kuno musabwere, kulibe kanthu. Chimbale chawo choyamba, cha mu 1983, anachitcha Opel-Gang, potengera Opel, galimoto ya anthu wamba, osati Mercedes ya mabwana. Mu 1987 anasintha dzina kwa kanthawi n'kukhala Die Roten Rosen, maluwa ofiira, ndipo anajambula nyimbo za Schlager, zachikondi zotsekemera zija zimene makolo awo ankakonda, zomwe wa punk weniweni amayenera kunyansidwa nazo.

Gulu la ku West Berlin ndi Die Ärzte, kutanthauza madokotala, ngakhale panalibe dokotala ndi mmodzi yemwe. Woimba gitala, Jan Vetter, anadzipatsa dzina loti Farin Urlaub, lomwe ukalitchula limamveka ngati ukuuza munthu kuti pita kutchuthi. Ndiye anthu atatu amenewa anayamba kudzitcha gulu loimba bwino kuposa onse padziko lapansi. Kudzitama kwake kunali kokokomeza dala, koti aliyense adziwe kuti akuseka oimba odzimva, iwo eni ali momwemo. Kaimbidwe kotereka kanapatsidwa dzina loti Fun-Punk.

N'chifukwa chiyani ku Germany? Apa ndikunena maganizo anga. Ambiri mwa anyamatawa anabadwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pasanathe zaka 20 ulamuliro wa Hitler utagwa mu 1945. M'dziko limenelo, munthu woima pa nsanja akukuwa mwaukali, khamu likumuyankha ndi mikono m'mwamba, si chithunzi chopanda mbiri. Makolo ndi agogo awo anachionapo, ndipo tikudziwa kumene chinathera. Ndiye ukakhala ndi maikolofoni ndi khamu patsogolo pako, ungatani kuti usafanane ndi chithunzi chija? Umadzigwetsa wekha. Umauza khamulo kuti ine ndine chitsiru ngati inu nomwe, musandilambire. Kwathu timati anyani amasekana zikundu. Awa anali anyani amene anatembenuka n'kuyamba ndi chawo.

Sikuti nthabwala zawo zonse zinali zaulemu, ayi. Zambiri zinali za mowa ndi zolaula. Mu 1987 bungwe la boma loteteza achinyamata linaletsa kuti nyimbo zina za Die Ärzte zigulitsidwe kwa ana. Imodzi mwa izo ankangoiimba ndi zida zokha pa siteji, mawu n'kumaimba ndi anthu oonera. Komanso kuseka kuli ndi msampha wake. Die Goldenen Zitronen a ku Hamburg anayamba ngati a Fun-Punk, koma kenako anaitaya njirayo n'kulowa m'nyimbo za ndale zenizeni. Mfundo yake ndikuimvetsa: khamu lobwerera nthabwala ndi mowa limatha kuseka osamva kanthu.

Mayeso enieni anafika khoma la Berlin litagwa, Germany itagwirizananso mu 1990. Mu Ogasiti 1992, ku Rostock-Lichtenhagen, gulu la anthu linayatsa moto nyumba imene munkakhala anthu ochokera ku Vietnam, ena ataima pambali akuwomba m'manja. Mu Novembala chaka chomwecho anthu atatu ochokera m'mabanja a ku Turkey anafa nyumba itawotchedwa ku Mölln. Mu Meyi 1993 enanso asanu anafa chimodzimodzi ku Solingen. Pamaliro otere, wanthabwala anganene chiyani?

Die Ärzte anali atapatukana mu 1988. Mu 1993 anabwereranso, ali ndi woimba besi watsopano, Rodrigo González, wobadwira ku Chile. Poyamba anachita zawo zomwe zija: anaika chilengezo m'magazini ya zamalonda a nyimbo choti gulu loposa onse padziko likusaka kampani yojambula. Kenako anatulutsa Schrei nach Liebe, kulira kofuna chikondi. Nyimboyi simujambula wotsatira chipani cha Nazi ngati chilombo choopsa, poti zimenezo n'zimene iye angakonde. Imamuonetsa ngati kamnyamata kosowa womukumbatira, kobisa mantha m'majombo, ndipo kolasi yake imathera pa mawu amodzi otukwana amene khamu lonse limakuwa limodzi. Mu 2015, othawa nkhondo ambiri akulowa m'Germany ndipo nyumba zawo zikuwotchedwanso, anthu anaidzutsa nyimboyi mpaka inafika pa nambala 1, patatha zaka 22.

Ine ndikuona kuti nyimbo imeneyi inaluma chifukwa cha amene anaiimba. Akanakhala alaliki a ndale a masiku onse, anthu akanati ayambanso. Koma awa anali atatha zaka akudzivula okha ulemu pagulu, ndiye palibe akanawanena kuti akudziyesa oyera. Munthu wosekasekayo tsiku limene wakwiya, m'nyumba mumakhala bata.

Nanga mtsikana woseka uja? Pano ndikuvomera kuti sanalakwe. Ndakatulo ija inali ndi mawu oti "kalanga ine" kasanu ndi kawiri, wolakatulayo atavala jekete yobwereka ya manja aafupi. Ndikanayamba ndine kuiseka jeketeyo, mwina za maunyolo zija akanazimvera. Ndikulembabe za zinthu zowawa, koma masiku ano ndisanaloze chala aliyense ndimayamba ndacheuka kuona kumbuyo kwanga.