Chimfine cha mungu: kuchoka pa kaiti mpaka m'mphuno mwa mbewa

M'chaka cha 1819 dokotala wa ku London, John Bostock, adafotokozera madokotala anzake za nthenda imene inkamuzunza iye mwini. Chilimwe chikangolowa maso ankamuyabwa, mamina ali chuchuchu, kuyetsemula osalekeza. Iye ankaloza chala kutentha. Gwero lenileni adalitulukira ndi Charles Blackley wa ku Manchester, yemwe ankadziika mungu wa udzu m'mphuno ndi kuulutsa makaiti onyamula timagalasi tomata kuti awerenge mungu wa m'mwamba. Buku lake lidatuluka mu 1873.

Padapitanso zaka zoposa 90 kuti Kimishige ndi Teruko Ishizaka, banja la asayansi a ku Japan lomwe linkagwira ntchito ku Denver, lipeze IgE, msilikali wa m'magazi amene amaona mungu ngati mdani n'kuchititsa maselo kutulutsa histamine. Piriton amene timamwa amangotsekereza histamine ameneyu, moto utabuka kale.

Nanga woyatsa motowo angaletsedwe? Njira idatseguka kumene sankaiyembekezera, m'kanyongolotsi kotchedwa C. elegans, kotalika pafupifupi milimita imodzi. Mu 1993 Victor Ambros ndi Gary Ruvkun adasonyeza kuti kachidutswa kakang'ono ka RNA, komwe tsopano timati microRNA, kamamatirira pa uthenga wa jini n'kuutseka pakamwa, puloteni osapangidwa. Ambiri adati n'zodabwitsa za nyongolotsi basi. Koma mu 2000 gulu la Ruvkun lidapeza kena, let-7, komwe kalinso mwa munthu. Awiriwa adalandira mphoto ya Nobel mu 2024.

Kuyesa microRNA pa chimfine cha mungu kumandigwira mtima chifukwa n'kwa manja ndi maso, ngati kwa Blackley. Mbewa amaibaya puloteni ya m'dzira, ovalbumin, kuti thupi liyambe kudana nayo. Kenako amaidonthezera puloteniyo m'mphuno, wofufuza n'kukhala pafupi kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu akuwerenga kuti yayetsemula kangati, yakanda mphuno kangati ndi timiyendo take takutsogolo. Mbewa zina amazipatsa timadontho tokhala ndi microRNA yoziziritsa kutupa, monga miR-146a. Zina amazipatsa mankhwala ofooketsa microRNA yosonkhezera. M'kafukufuku wotere aona kuyetsemula, IgE ndi kutupa kwa m'mphuno zikutsika.

Apa m'pofunika kudekha. MicroRNA imodzi imatha kukhudza majini mazanamazana nthawi imodzi, ndiye poitumiza kukakonza mphuno ikhoza kusokoneza kwina. Mu 2016 kuyesa MRX34, mankhwala a khansa opangidwa kuchokera ku miR-34, kudaimitsidwa odwala ena atamwalira chifukwa chitetezo cha m'thupi chidalusa. Wodwala chimfine cha mungu sali pa imfa, choncho mankhwala ake ayenera kukhala otetezeka kuposa pamenepo. Pakadali pano timadontho ta microRNA tikuthera m'mphuno mwa mbewa, m'chipinda choyeserera, wofufuza ali ndi wotchi m'manja.