Kutera pa Karonga: Mbiri ya Njira ya Ndege Kumutu kwa Nyanja

Pali mwambo wina umene wafala pakati pa achinyamata a masiku ano, ngakhale kuno kwathu kumene magetsi ndi intaneti sizinafike pa khomo lililonse, wakuti munthu amakhala pa kompyuta m'chipinda mwake, nagwira kachiwongolero, nayendetsa Boeing kapena Airbus yachifanizo kuchokera ku mzinda wina kufikira ku unzake monga achitira woyendetsa ndege weniweni. Ndipo iwo amene azama pa luso limeneli, kaya ndi Microsoft Flight Simulator imene inayamba kutuluka mu 1982, kaya ndi inzake ya X-Plane, sakhutira ndi mabwalo a pachidikha, koma amasakasaka aja ovuta kuterapo, kuti ayese mtima wawo ndi dzanja lawo. Onsewo amadziwa Kai Tak wa ku Hong Kong, amene anatsekedwa mu Julayi 1998, kumene ndege yaikulu inkalunjika phiri lopakidwa chizindikiro, nikhotera kudzanja lamanja itayandikira kale madenga a nyumba. Amadziwanso Paro wa ku Bhutan, wobisika m'chigwa cha mapiri a Himalaya, ndi Madeira, kumene mbali ina ya msewu wa ndege yakhazikidwa pa mizati m'mphepete mwa nyanja yamchere. Koma ndi owerengeka okha mwa ana athu amene analembapo zilembo zinayi za FWKA, dzina la bwalo la Karonga m'mabuku a ndege, ngakhale kuti pamenepo pali phunziro limene mabwalo otchukawo sapereka, pakuti kuvuta kwa Karonga sikuonekera m'chithunzi.

Karonga ndi chidikha chopapatiza cha mpunga, nthochi ndi ng'ombe, dziko la Angonde ndi mfumu yawo Kyungu, amene malo ake akale anali pa phiri la Mbande. Ndipo mbali zonse chidikhacho chazingidwa. Kummawa kuli nyanja, imene madzi ake ali pa mamita pafupifupi 470 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kutsidya kwake mapiri a Livingstone a ku Tanzania atsikira m'madzi momwemo osasiya gombe. Kummwera kwaima Nyika, imene nsonga yake ya Nganda ipyola mamita 2,600. Kumadzulo kuli mapiri a Misuku. Kumpoto, kuseri kwa mtsinje wa Songwe, kuli Rungwe, amene atsala pang'ono kukwana mamita 3,000.

Chifukwa cha ichi, kwa zaka zambiri khomo la Karonga linali madzi. Sitima za kampani ya Mandala zinkakocheza pagombe, amtengatenga nasenza katundu kukwera naye msewu wa Stevenson, umene unayambidwa mu 1881 kulinga ku nyanja ya Tanganyika. Ndipo iye wofuna kufika ku Zomba kapena ku Blantyre ankadikira sitima masiku ambiri, nayendanso ena ambiri. Oyendetsa sitimawo ndiwo anayamba kulipira mtengo wa mphepo ya mwera, imene imawomba kuchokera kummwera chakummawa kuyambira Meyi kufikira Seputembala, nisonkhanitsa mphamvu poyenda utali wonse wa nyanja, kotero kuti pofika kumpoto imakhala itakwiya ndithu. Pa 30 Julayi 1946 sitima yatsopano ya Vipya inagubuduzika m'namondwe pafupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anamira. Mphepo imene inamiza Vipya ndi yomweyo imene woyendetsa ndege amakumana nayo potsikira ku Karonga m'miyezi yozizira.

Ndege zinafika m'dziko muno kuyambira kummwera. C. J. Christowitz wa ku Blantyre anayamba kunyamula anthu ndi makalata mu 1931, pambuyo pake panabwera Rhodesia and Nyasaland Airways, ndipo mu 1946 maboma atatu a m'chigawo chino anakhazikitsa Central African Airways. Kwa kanthawi, mu 1949 ndi 1950, ndege zazikulu zotera pamadzi za BOAC, zotchedwa Solent, zinkaima pa Cape Maclear pa ulendo wa pakati pa England ndi Johannesburg. Koma zimenezo zinali za alendo odutsa, ndipo kumpoto sizinapindule kanthu. Imene inatsegula kumpoto inali kandege ka ku Canada, de Havilland Beaver, ka injini imodzi ndi mapiko apamwamba, konyamula anthu asanu ndi mmodzi kapena kupitirirapo pang'ono, kamene Central African Airways inkayendetsa m'zaka za m'ma 1950 kudzera ku Lilongwe, Mzimba, Mzuzu, Karonga ndi Fort Hill.

Apa ndipo pofunika kukhalitsa, pakuti luso la anthu a Beaver ndilo muzu wa nkhani yonse. Woyendetsa wa masiku amenewo analibe mizere ya wailesi yomutsogolera kufikira pansi, analibe nyali za m'mbali mwa msewu, ndipo dzuwa likalowa ntchito inali yatha. Ankayenda ndi mapu pa bondo, kampasi ndi wotchi, nazindikira malo poona gombe, matsiriro a mtsinje wa North Rukuru ndi maonekedwe a mapiri. Pofika pa bwalo sankatera msanga, koma ankayamba wazungulira mmunsi, kupenya thumba la nsalu lopachikidwa pa mtengo kuti adziwe kumene mphepo ichokera, kupenya ngati udzu wasanduka matope, ndi kupenya ngati ng'ombe za m'mudzi zalowa, pakuti ng'ombe sidziwa malire a boma. Moyo wake unali m'manja mwa anthu amene maina awo sanalembedwe m'mbiri: wotchetcha udzu, wophwasula chulu chimene chiswe chamanga usiku, woingitsa ziweto, ndi kalaliki wotumiza uthenga wa nyengo. Indetu mutu umodzi susenza denga. Ndipo ine ndikhulupirira kuti anthu amenewa ayenera ulemu wofanana ndi wa iye amene anavala chipewa cha woyendetsa.

Tsono taonani chimene chimachitika mnyamata wa pa kompyuta akatenga ndege yaikulu, nanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, limene linatsegulidwa mu 1983, nalunjika Karonga. Mtunda wake ndi makilomita oposa 400, ndipo mzere wowongoka udutsa pamwamba pa Viphya, pa Rumphi, ndi pa Nyika pafupi ndi Nganda penipenipo. Ndege yonyamula anthu imatsika mofatsa, pa ngodya ya madigiri 3, ndiko kunena kuti pa mamita 300 alionse otsika imafuna makilomita pafupifupi 6 a kutsogolo. Ndipo popeza kuti iyenera kudutsa phirilo ili pamwamba pake ndithu, imatsala ndi mamita oposa 2,500 oti itsike, pamene kuchokera pa Nganda kufika pa Karonga pali makilomita 50 okha kapena kuposerapo pang'ono. Mtunda wonsewo umathera pa kutsika, osatsala wochepetsera liwiro, wotambasulira mapiko ndi wotsitsira magudumu. Ndipo ndege yolemera simatha kutsika msanga ndi kuchepetsa liwiro nthawi imodzi. Wosadziwa amafika pamwamba pa bwalo ali kutali kumwamba, nagwetsa mphuno ya ndege mwankhanza, nafika pa msewu ndi liwiro lopyola muyeso, pamene msewuwo sunamangidwire ndege zotere. Wanzeru amapatukira kunyanja asanafike Nyika, natsikira pamwamba pa madzi pamene palibe chopunthwitsa, koma osaiwala kuti mapiri a Livingstone akumudikira kutsidya, ndi kuti malire a Tanzania ali pafupi.

Boeing 737 imafika pa msewu ikuthamanga makilomita pafupifupi 250 pa ola, pamene Beaver inkafika ndi liwiro losakwana theka la limeneli. Choncho chimene woyendetsa wakale ankakonza ndi phazi pa mphindi yomaliza, wa ndege yaikulu ayenera kuchikonza ali patali. Lamulo la makampani a ndege likuti pofika mamita 300 pamwamba pa bwalo m'mitambo, kapena 150 kukakhala kowala, ndege ikhale itakhazikika kale pa liwiro, pa mzere ndi pa katsikidwe, ndipo ikapanda kutero aponde moto, akwerenso kumwamba, akayambirenso. Ambiri a pa kompyuta amachita nazo manyazi zimenezi, nakakamiza ndege kutera. Koma mbewa yamanyazi idafera kuuna, ndipo m'ntchito yeniyeni palibe amene amadzudzulidwa chifukwa chobwerera kumwamba.

Nyengo iliyonse ili ndi msampha wake. M'chilimwe, mu Okutobala ndi Novembala, Karonga amatentha koopsa, mpweya numapepuka, kotero kuti mapiko ndi injini sizigwira monga mwa masiku onse ndipo msewu umakhala ngati wafupika. Utsi wa moto wa m'tchire umaphimba mapiri mpaka munthu osaona pamene dziko lalekezera ndi pamene thambo layambira. M'dzinja mitambo ya ziphaliwali imamera pamwamba pa nyanja ndi pa mapiri, ndipo mvula ya kumeneko imachedwa kutha, mpaka Epulo ndi Meyi, mitsinje nisefukira m'chidikha. Microsoft Flight Simulator ya 2020 imatha kutenga nyengo yeniyeni ya tsikulo pa intaneti, ndipo wofuna kuphunzira moona asasankhe thambo loyera.

Koma tsiku limene kutera kunavuta koposa m'boma la Karonga, mapiri ndi mphepo sizinalakwe kanthu. Mu Febuluwale 1959, pamene dziko linali kuwira pokana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anthu otsata Nyasaland African Congress analanda bwalo la ndege la Fort Hill, kumene lero ndi Chitipa, malo amene masiku amenewo anali m'boma la Karonga, nalitchinga kuti ndege isatere. Ndipo m'mapiri a Misuku dzina la mmodzi wa atsogoleri awo, Flax Musopole, linamveka kwambiri. Anthu amenewo anazindikira chimene akuluakulu a ku Zomba ankachidziwa bwino, kuti ku dera limene misewu yake imafa m'dzinja, boma limafika ndi ndege, ndi kuti chipika chimodzi pakati pa bwalo chikwanira kubweza woyendetsa waluso lonse. Thandizo la boma linachita kuchokera kutsidya kwa malire, ku Tanganyika. Ndipo pa 3 Malichi bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa chiopsezo, Dr Banda namangidwa, natengedwa pa ndege kuchokera ku Chileka kupita ku ndende ya Gwelo. Manja omwe aja amene ankasamala bwalo kuti mlendo atere ndiwo anali ndi mphamvu yomukaniza.

Ufulu utabwera mu 1964 kunabadwa Air Malawi, poyamba ngati mwana wa Central African Airways, niima payokha mu 1967, nilandira ma Beaver ndi ma DC-3 ngati cholowa. Komabe amuna ambiri a m'midzi anayamba kukwera ndege ndi Wenela, popita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Francistown, kufikira pa 4 Epulo 1974, pamene ndege ya Wenela ya DC-4 inagwa itangonyamuka kumeneko chifukwa cha mafuta osakanizika, nipha anthu 78, ochuluka a iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu ntchito ya ku migodi. Msewu wa phula utafika kumpoto, kutsika Chiweta ndi kutsata gombe, anthu ndi katundu anasamukira ku mabasi ndi malole. Air Malawi inathetsedwa mu 2013, ndipo bwalo la Karonga linatsala lachete masiku ambiri, lolandira ndege zazing'ono za apo ndi apo.

Funso limene woyendetsa weniweni amadzifunsa asananyamuke, limene wa pa kompyuta amaliiwala chifukwa mafuta ake sagulidwa, ndi lakuti akakanika kutera adzapita kuti. Bwalo la Songwe la ku Mbeya lili m'dziko lina, kuseri kwa mapiri. Lilongwe ali kumbuyo makilomita oposa 400. Mzuzu, amene ali pafupi, ali pamwamba pa mamita oposa 1,200, ndipo m'miyezi ya mwera chinyezi cha m'nyanja chimakwera zitunda, nichisanduka chifunga chokuta mzinda ndi nkhalango. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228, yonyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima, inanyamuka ku Lilongwe kulinga ku Mzuzu m'nyengo yotereyi, koma sinatere, ndipo inapezeka m'mawa mwake itagwa m'nkhalango ya Chikangawa, anthu onse 9 atamwalira. Nkhalango imeneyo ili pa Viphya, pansi pa mzere womwewo wochokera ku Lilongwe kupita ku Karonga.