Mzinda wa Maluwa ndi Makala a ku Nyimba

Munthu wa kwa Nyalugwe akakwera basi pa Nyimba kupita ku Lusaka, amaona matumba a makala atandandalikidwa m'mbali mwa Great East Road, tsidya lino ndi tsidya lija la mlatho wa Luangwa. Makala ambiriwo amapita kumzinda umene azungu ankaucha Garden City, mzinda wa minda ndi maluwa.

Mu 1931 boma la atsamunda linaitana Pulofesa Stanley Adshead kuti ajambule pulani ya likulu latsopano, ndipo mu 1935 likulu linasamuka kucoka ku Livingstone. Nzeru yake inacokera kwa Ebenezer Howard wa ku England, amene ankafuna mizinda ya misewu yotakasuka, mitengo yambiri ndi malo opumulirako. Koma mthunzi wa mitengoyo unathera ku Ridgeway, kwa mabwana. Ansenga, Acewa ndi Angoni amene anabwera kudzagwira nchito, omwe anapatsa Lusaka cinenero cake, ankawerengedwa ngati alendo oti tsiku lina adzabwerera kumudzi. Matero ndi Chilenje anawamangira pambuyo pake, kutali ndi maluwawo. Ana a m'kalasi mwanga akandifunsa cifukwa cake mitengo ili ku Kabulonga pomwe ku Kanyama kuli fumbi ndi madzi osefukira, ndimayambira pamenepa.

Ufulu utabwera, UBZ, kampani ya boma ya mabasi, ndiyo inkanyamula anthu m'tauni ndi kuwafikitsa ku Petauke ndi ku Chipata. Makolo athu amaikumbuka mokoma, ngakhale amaiwala kuti nthawi zina ankagona pa sitesheni kudikira basi. Boma la a Chiluba litatsegula malonda a mabasi kwa aliyense, UBZ inagwa mu 1995. Sitima ya Njanji, imene inkayenda pakati pa Matero ndi Chilenje, nayo inaima m'zaka za m'ma 1990. Malo ake anatengedwa ndi maminibasi, osanyamuka mpaka atadzaza, ndi magalimoto a anthu amene anatopa kudikira. Milatho ya pa Munali, Arcades ndi Makeni inamangidwira magalimoto amenewa. Woyenda pansi sanaganiziridwe kwenikweni.

Za mapaki n'zosokoneza. Mu 2015 kunatsegulidwa Lusaka National Park, koma patangopita zaka zocepa mbali ina ya nkhalango ya Forest 27, kumene mtsinje wa Chalimbana umayambira, inagawidwa mapuloti. Ndipo banja la ku Chawama lopanda galimoto, pakiyo lingafikeko bwanji?

Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo mbaula zinayaka ngakhale m'mayadi. Ine ndemwe ndinagula matumba awiri pa ulendo wocokera kumaliro kwathu, kondakitala n'kuwalipiritsa ngati anthu.