Mabanki oyamba a ku Espanha, Portugal ndi Brasil, ndi mmene anafikira kwathu kuno

Pepala la 500 metikali silidyedwa ndipo silivalidwa. Limagula ufa cifukwa wogulitsa amakhulupirira kuti mawa nayenso adzagulira mcere. Anthu sanayambe kukhulupirira mapepala otere tsiku limodzi ayi. M'maiko olankhula Cisipanishi ndi Cipwitikizi zinatenga zaka mazana, ndipo kangapo konse anthu anapsa nazo zala.

Mu 1401 akuluakulu a mzinda wa Barcelona anatsegula Taula de Canvi, kutanthauza tebulo losinthirapo ndalama. Amalonda ankasungitsa ndalama zawo pamenepo, ndipo mzindawo unkabwereka pomwepo ukasowa. Ngakhale mawu akuti banco poyamba ankangotanthauza benchi limene osintha ndalama ankagwirirapo nchito.

Mabanki akuluakulu anabwera pambuyo pake, ndipo amene anawabweretsa ndi ngongole za mafumu. Mfumu Carlos III ya ku Espanha inali pa nkhondo ndi Britain. Ndalama zitacepa, boma linayamba kupereka mapepala a ngongole, dzina lake vales reales, koma anthu ankawakayikira ndipo mtengo wake unkatsika. Ndiye mu 1782 mfumu inakhazikitsa Banco de San Carlos ku Madrid kuti izisintha mapepalawo ndi ndalama zenizeni. Nkhondo zinapitirira, boma linalephera kubweza, bankiyo inafooka. Mu 1829 inalowedwa m'malo ndi ina, ndipo dzina lakuti Banco de España linayamba mu 1856.

Nkhani ya ku Brasil ndiye yodabwitsa kwambiri. Asilikali a Napoleon atalowa m'Portugal mu 1807, banja lonse lacifumu linathawa pa zombo mpaka ku Rio de Janeiro. Kusamalira khamu la nduna ndi anchito limene linabwera nawo kunafuna ndalama zambiri, conco Dom João anakhazikitsa Banco do Brasil mu 1808. Tangoganizani, dziko lolamulidwa linakhala ndi banki eni ake ku Lisboa asanakhale nayo! Bankiyo inasindikiza mapepala ambiri kuposa golide amene inali naye. Mu 1821 mfumu pobwerera kwawo, iyo ndi anthu ake anasintha mapepala awo ndi golide n'kukwera naye zombo. Otsala anatsala ndi mapepala basi. Bankiyo inatsekedwa mu 1829. Banco do Brasil ya masiku ano inadzabadwa pambuyo pake, dzina n'lomwelo.

Ku Portugal, Banco de Lisboa inayamba mu 1821, ndipo mu 1846 inaphatikizidwa ndi kampani ina n'kukhala Banco de Portugal.

Nanga kwathu kuno? Banki imene agogo athu ankaidziwa ndi Banco Nacional Ultramarino, mwacidule BNU. Inakhazikitsidwa ku Lisboa mu 1864 kuti izigwira nchito m'maiko olamulidwa ndi Apwitikizi. Inatsegula nthambi ku Luanda mu 1865, kenako ku Ilha de Moçambique mu 1877, ndipo inapatsidwa mphamvu yotulutsa ndalama zamapepala. Kunena zoona, banki imeneyi sinali ya mlimi wa ku Angónia kapena msodzi wa ku Metangula. Inkatumikira boma, makampani ndi amalonda. Munthu wakumudzi ankakumana ndi mapepala ake pogulitsa thonje ndi polipira msonkho, osati pokongola ndalama yoti ayambire malonda. BNU ikadalipobe ku Macau, kumene imatulutsa nawo ndalama ya kumeneko, pataca.

Pa 17 Meyi 1975, kutatsala milungu yowerengeka kuti dziko lilandire ufulu, kunakhazikitsidwa Banco de Moçambique, imene inatenga nchito za BNU m'dziko muno. Escudo inagwirabe nchito mpaka pa 16 Juni 1980, pamene metikali inalowa m'malo mwake. Dzinali linacokera ku muyeso wa golide umene amalonda aciarabu ankagwiritsa nchito kale. Zaka za nkhondo ndi kukwera kwa mitengo zinaifooketsa moti mkate unkagulidwa ndi masauzande, ndipo mu 2006 boma linacotsa maziro atatu: 1000 yakale inasanduka 1 yatsopano.

Kugwa kwa mabanki si nkhani ya makedzana yokha. Ku Argentina, mu Disembala 2001, boma linaletsa anthu kutapa ndalama zoposa 250 pesos pa mlungu, ndalama zawo zomwe! Anthu anadzaza m'misewu akumenya mapoto, ndipo pulezidenti Fernando de la Rúa anatula pansi udindo mwezi womwewo. Ku Portugal, Banco Espírito Santo inagwa mu 2014. Kuno kwathu, Banco de Moçambique inatseka Nosso Banco mu Novembala 2016. Thumba loteteza osungitsa ndalama, Fundo de Garantia de Depósitos, linkabwezera munthu aliyense ndalama zosapitirira 20 000 metikali. Amene anasungitsa zoposa pamenepo anayenera kudikira kuti katundu wa bankiyo agulitsidwe.