Zizindikiro Zokonzera Malemba m'Mabuku a Mapulogalamu a Kompyuta

Markup ndi njira yolembera malangizo a mapulogalamu a kompyuta pogwiritsa ntchito zizindikiro za pa kiyibodi, monga * ndi #, posonyeza pamene pali mutu wa nkhani, mawu otsindika ndi mizere ya code, yomwe ndi malamulo amene kompyuta imatsatira. Pulogalamu ina imawerenga zizindikirozo n'kusandutsa malembawo kukhala tsamba la pa intaneti kapena buku la PDF. Munthu amene amaika nyenyezi uku ndi uku kwa liwu pa WhatsApp kuti lioneke lonenepa akuchita zomwezi.

Chinenero chilichonse cha kompyuta chili ndi chizolowezi chake. Perl ili ndi POD kuyambira 1994. Java imagwiritsa ntchito Javadoc, momwe wolemba amasakaniza HTML ndi zizindikiro monga @param pofotokoza zimene pulogalamu ikuyenera kulandira. Mabuku a Python amalembedwa mu reStructuredText, yomwe anakonza David Goodger, ndipo amasanjidwa ndi Sphinx, pulogalamu imene Georg Brandl anatulutsa mu 2008. Koma yofala kuposa zonse ndi Markdown ya John Gruber, ya mu 2004. Poti malamulo ake oyamba sanalongosole zinthu zina bwinobwino, tsamba limodzi linkaoneka mosiyana m'mapulogalamu osiyana, mpaka mu 2014 pamene anthu ena anatulutsa malamulo okhwima otchedwa CommonMark.

Ntchito yaikulu ya zizindikirozi ndi kulekanitsa code ndi mawu ofotokoza. Mu Markdown, code ya pakati pa chiganizo imatsekeredwa ndi kachizindikiro kotchedwa backtick, pamene reStructuredText imafuna tiwiri mbali iliyonse. Code ya mizere ingapo imakhala m'chigawo chakechake, ndipo zilembo zake zimatuluka zofanana m'lifupi. Apa m'pofunika kusamala kwambiri. Mu Python, mipata ya kumayambiriro kwa mzere ndi mbali ya pulogalamuyo, choncho ikasokonekera posanja tsamba, wophunzira amene wakopera chitsanzocho amakanika kuchiyendetsa, vuto lisali lake. N'chimodzimodzinso pulogalamu yosanja ikapinda timikodolero towongoka pofuna kukongoletsa tsamba: m'mawu ngati ng'ombe palibe chimalakwika, koma mu code kompyuta imakana.

Olemba m'Chichewa ndi m'Chitonga cha ku Nkhata Bay ayeneranso kusunga mafayilo awo mu UTF-8, njira yosungira zilembo mu kompyuta. Kupanda kutero, chilembo cha ŵ chimatha kusanduka zizindikiro zosamveka fayilo ikatsegulidwa pa kompyuta ina.

Fayilo ya markup imakhala yaing'ono, imatseguka popanda pulogalamu yogula, ndipo imawerengeka ngakhale isanasanjidwe. Kumadera ngati Usisya, komwe msewu wochokera ku Mzuzu ndi wovuta ndipo ambiri amadalira ulendo wa panyanja, mphunzitsi angathe kutenga mabuku onse a Python pa flash imodzi, ophunzira n'kumawawerenga popanda kugula bandulo ya intaneti.