Mafilimu a oimba jazi: banja lidalowa mochedwa

Ku Sadzi, monga m'madera ena a mzinda wa Zomba, nyumba ya vidiyo siisowa: chinsalu pakhomo, sipika panja, mabenchi m'kati, filimu yakunja ikulankhula Chichewa m'mawu a DJ. Zodzaza mabenchi ndi za nkhondo ndi za karate. Pali mtundu wina wa mafilimu womwe sufikako kawirikawiri, chonsecho nkhani yake mabanja ambiri kuno akuidziwa bwino: ya mwana waluso yemwe walowerera m'mankhwala ozunguza bongo, ndi abale omwe amatsala akusenza katunduyo.

Mbiri yake tingaiyambire mu 1955. Chaka chimenecho Charlie Parker, katswiri wa saxophone, adamwalira ku New York ali ndi zaka 34, thupi litatheratu ndi heroin ndi mowa, moti dokotala yemwe adaona mtembo adayesa ndi wa bambo wopitirira zaka 50. Chaka chomwecho Otto Preminger adatulutsa The Man with the Golden Arm, momwe Frank Sinatra adasewera ngati munthu wofuna kukhala woimba ng'oma m'bandi ya jazi koma jakisoni wa heroin akumubweza m'mbuyo. Malamulo a Hollywood ankaletsa kuonetsa mankhwalawa. Preminger adaitulutsabe popanda chidindo chawo, ndipo mu 1956 lamulolo lidafewetsedwa.

Kuchokera apo, kamera idakonda kuyang'ana woimbayo payekha: utsi wa m'bala, thukuta pamphumi, mkono womangidwa lamba. Lady Sings the Blues ya 1972, momwe Diana Ross adasewera ngati Billie Holiday, idayendabe njira yomweyo. Vuto la mafilimu otere n'lakuti wachinyamata angatulukemo akuganiza kuti luso limachokera m'jakisoni. Ndi bodza lomwe lapha anthu ambiri.

Zinthu zidasintha mu 1988. Clint Eastwood adatulutsa Bird, ya moyo wa Parker, ndipo pomwe imaswa mtima si pasiteji ayi, koma pomwe mwana wake wamkazi, Pree, wamwalira iye ali kutali ku Los Angeles. Chomwe akutha kuchita ndi kutumiza matelegalamu kwa mkazi wake Chan, ina pambuyo pa inzake, mawu akusokonekera. Chaka chomwecho Bruce Weber adatulutsa Let's Get Lost, ya woliza lipenga Chet Baker, yemwe adafa mu Meyi 1988 atagwa pazenera la hotela ku Amsterdam. Weber adapita ku Oklahoma kukakhazika pansi mayi ake a Baker, mkazi wake ndi ana. Gogoyo atafunsidwa ngati mwana wake adamukhumudwitsa, adayamba wakhala chete, kenako n'kuvomera. Aliyense yemwe adamvapo mayi akunena za mwana amene adagulitsa mapoto a m'nyumba kuti apeze ya chamba angauzindikire chete ameneyo.

Low Down ya 2014 idatembenuza nkhani yonse. Ndi ya woliza piyano Joe Albany, koma tikuionera m'maso mwa mwana wake wamkazi, Amy-Jo, yemwe adalemba buku lomwe filimuyo idachokera. Bambo akasowa kapena akamangidwa, mtsikanayo amakakhala kwa agogo ake. Pamenepa Mmalawi safuna womasulira.

Nafe tili nayo filimu ya jazi, ndipo yathu idayambira pabanja pomwe. Mu 1967 katswiri wa za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adakumana ndi anyamata apachibale akuimba m'misewu ya Blantyre: Daniel Kachamba pagitala, ndi mng'ono wake Donald, akadali kamnyamata, pachitoliro. Adawatsatira kumudzi kwa Singano ku Chileka n'kuwajambula pafilimu ya 16mm. Nyimbo zawo zidali za kwela, zomwe adakula nazo ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ndipo kwelayo idabadwira m'makomboni a ku South Africa pakati pa anyamata omwe ankatsanzira pa zitoliro zotchipa jazi ya ku America. M'filimu ya Kubik mulibe jakisoni. Muli mkulu ndi mng'ono wake, pabwalo la kwawo, akugawana nyimbo imodzi. Daniel adamwalira mu 1987, Donald mu 2001, onse atayenda nazo nyimbozi mpaka ku Ulaya. Mu 1992 nthambi ya zaluso ya ku Chancellor College konkuno ku Zomba idatulutsa kaseti yokumbukira Daniel.

Zomba yemweyu ndiye akusunga mbali yowawa ya nkhaniyi. Kuno kuli Zomba Mental Hospital, komwe abale amabwera ndi anyamata omwe chamba ndi mowa zawasokoneza mutu. Kulinso ndende yaikulu, momwe mu 2013 Ian Brennan ndi Marilena Delli adajambula nyimbo za akaidi. Chimbale chake, I Have No Everything Here, chidatuluka mu 2015 n'kufika pampikisano wa Grammy mu 2016. Dziko lidamva mawu a oimbawo. Amene silidawamve ndi azimayi oima pageti la ndende kapena la chipatala, kontena ya nsima ndi nyemba ili m'manja, ena atayenda wapansi kuchokera ku Sadzi, Chinamwali kapena Mpondabwino.

Aluso opanga mafilimu tili nawo. Shemu Joyah adaonetsa mu Seasons of a Life ndi The Road to Sunrise kuti nkhani za m'nyumba zathu zimagwira mtima ngakhale kunja. A ku America adatha zaka zoposa 30 asanakhazike pansi mayi wa woimba n'kumufunsa maganizo. Wathu wojambula nkhani ya woimba wa ku Zomba yemwe chamba chamugwetsa ayambire kwa agogo omwe akulera ana ake, awafunse kuti fizi akuipeza kuti, ndiponso kuti gitala ija adaigulitsa ndani.