Petulo ndi dizilo m'paipi imodzi: momwe malire ake amadziwikira

Paipi yamafuta yochokera ku doko la Beira ku Mozambique kukafika ku Feruka, pafupi ndi mzinda wa Mutare ku Zimbabwe, imanyamula petulo ndi dizilo motsatana. M'mapaipi amtunduwu, nthawi zambiri sipakhala chotchinga pakati pa mafutawa. Dizilo akatha kupopedwa, petulo amalowa pambuyo pake n'kumamukankha. Pamalo omwe awiriwa akumanirana amasakanikirana, ndipo gawo losakanikiranali limakula ulendo ukamatalika.

Kumapeto kwa paipi, ogwira ntchito amayenera kudziwa nthawi yeniyeni yotembenuzira zotsekera kuti mafuta aliwonse alowe m'thanki yake. Maso sangaone mkati mwa chitsulo, ndipo kutunga mafuta kukawayeza ku labotale kumachedwa. N'chifukwa chake pamayikidwa tizipangizo totchedwa sensa, tomwe timayeza mafuta akamadutsa.

Njira yodziwika kwambiri ndi yoyeza kulemera. Lita imodzi ya petulo imalemera magalamu pafupifupi 750, pomwe ya dizilo imalemera pafupifupi 830. Mafuta amadutsa m'kachubu kachitsulo komwe kamanjenjemera mosalekeza. Mukalowa mafuta olemera, kunjenjemerako kumachedwa. Mukalowa opepuka, kumafulumira. Kompyuta imasandutsa kusinthaku kukhala manambala. Manambala akayamba kutsika kuchoka pa 830, ndiye kuti gawo losakanikirana lafika. Akakhazikika pafupi ndi 750, petulo weniweni wayamba kudutsa. Tizipangizo tina timayeza liwiro lomwe phokoso limayendera m'mafutamo, poti limathamanga kwambiri mu dizilo kuposa mu petulo.

Sensa imayikidwa patali ndithu ndi matanki kuti chenjezo lifike mafuta asanafike. Gawo losakanikirana limapatutsidwira m'thanki yapadera, komwe limadikira kuyengedwanso kapena kuthiridwa pang'onopang'ono m'mafuta ena motsatira malamulo.

Kulakwitsa pamenepa kuli ndi mtengo wake. Nthunzi ya dizilo wabwino siyaka msanga: malamulo a ku Ulaya amafuna kuti isagwire moto kutentha kusanapose madigiri 55. Nthunzi ya petulo imayaka ngakhale kukuzizira kwambiri, choncho petulo wochepa chabe akalowa m'thanki ya dizilo, ngozi ya moto imakula komanso injini zimatha kuwonongeka. Dizilo akalowa mu petulo, galimoto imafuka utsi ndi kuchepa mphamvu. Kutembenuzanso zotsekera mofulumira kwambiri kumatayitsa mafuta abwino m'thanki ya osakanikirana.

Nzeru yomweyi imagwiranso ntchito m'mafakitale a mkaka ndi zakumwa, komwe sensa zoyeza kayendedwe ka magetsi kapena kuwala m'zamadzimadzi zimasiyanitsa mkaka ndi madzi otsukira mapaipi.